Mbama Zitatu za Bwana Sikelo

Amuna anga a Overtone Chimbalanga anamwalira mu Ogasiti 2016 ali pa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, ku msika waukulu wa ndiwo zamasamba wa ku Canning Vale kuno ku Perth. Mtima unangoima basi. Pa maliro anawerenga mbiri yawo mwachidule: anabadwira ku Chiradzulu, anaphunzira umakaniko, anabwera ku Perth mu 2008 kudzakonza mathiraki a ku migodi, migodi itayamba kuchotsa anthu anapeza ntchito ku msika, asiya mkazi ndi mwana mmodzi. Ine ndinali pansi ndi azimayi anzanga, nditavala zakuda, osayankhula. Zonse zomwe anawerengazo zinali zoona. Koma zinali ngati kufotokoza Blantyre n'kungotchula depoti ya basi.

Chomwe sanawerenge ndi ichi. Kuyambira 1997 mpaka 2002 munthu ameneyu ankadzaza maholo. Tinali ndi gulu la zisudzo ku Ndirande, dzina lake Mpanipani, ndipo mbali yaikulu m'sewero lililonse inali yawo. Anakhalapo Khansala Mthunzi, amene ankatsegulira mjigo umodzimodzi chaka chilichonse, atangoupaka penti ina. Anakhalapo Sajeni Mpondamatiki, msilikali wopuma amene ankagubitsa nkhuku zake m'mawa uliwonse. Anakhalapo bambo wa ana anayi amene wabwera ndi zotsatira za magazi m'thumba la malaya n'kumalephera kuuza mkazi wake, ndipo sewero limenelo anthu ankatuluka osayang'anana. Koma mbali yomwe inawatchukitsa ndi ya Bwana Sikelo, wogula chimanga wakuba, amene ankachirikiza thumba ndi bondo kuti lipepuke pa sikelo, n'kumauza mlimi kuti sinakwane kilo. Sewero limenelo tinayenda nalo paliponse, Mulanje, Zomba, Dedza, Lilongwe, mpaka Mzuzu.

Masiku amenewo anthu sankadziwa dzina lenileni la wochita sewero. Ankadziwa la pa siteji lokha. Nkhope tinkaipaka makala ndi choko, tsitsi ufa, m'malaya timaika pilo. Sikelo akavula zonsezo ankatsala mnyamata wowonda wonyamula kachikwama, n'kukwera minibasi imodzi ndi anthu amene amutukwana kumene m'holo, iwo osadziwa. Mapepala olembapo sewero tinalibe. Tinkakhala kuseri kwa shopu yowotcherera zitsulo, wina n'kunena kuti iwe ulowa chonchi, ine ndikuyankha chonchi, mpaka mawu atakhazikika m'mutu. Kaseti ya vidiyo inalipo imodzi, inachita chuku.

Kuno ku Perth a Overtone sanauze munthu. Ankati woyendetsa fokolifiti akayamba kunena kuti kale ankadzaza maholo, anthu amamumvera chisoni, ndipo chisoni ankadana nacho. Ine ndinawalemekeza, ndinatseka pakamwa.

Mu Meyi chaka chotsatira ndinali pa buleki ku ntchito. Inenso ndimagwira ku msika womwewo, kulongedza tomato. Mnzanga Lettie, wa ku Dedza, anandikankhira foni yake pa thebulo. Panali chithunzi choitanira anthu ku chikondwerero cha ufulu wa Malawi, mu Julaye, m'holo ina ku Armadale.

"Asisi, mudzabwera? Eti a Likoswe a ku tchalitchi kwathu ndi aja a Sikelo. Ine ndinaonera ndili Sitandade 7, ndinaseka mpaka kugwa pa benchi. Lero ndikulandira nawo mgonero osadziwa."

Ndinalanda foni ija. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, Chingerezi cholemba chimandivuta, koma dzina la wakuba ndimatha kuliwerenga. Pansi pa chithunzi analemba kuti Bwana Sikelo wabwereranso, ndipo adzasewera ndi mwini wake weniweni, Paterson Likoswe.

Paterson ndimamudziwa kuyambira 1997. Anali wa pakhomo. Ntchito yake inali kung'amba matikiti ndi kukankhana ndi anthu ofuna kulowa ulere. Sewero likayamba ankatseka chitseko n'kuima kumbuyo kwa holo, kumaonera. Zaka zisanu. Pa siteji anakwerapo kamodzi, monga mtembo, ndipo anayetsemula. Kuno anabwera pambuyo pathu, ndipo amene anamuyankhulira ku migodi ndi a Overtone. Tsopano ndi mkulu wa mpingo, amavala tayi ngakhale Lachiwiri.

"Wawauza ndani kuti ndi iyeyo?" ndinafunsa.

"Iwo eni. Pali mtsikana wa ku yunivesite, Tisungeni, akulemba buku la digiri yake ya udokotala wa maphunziro, la zisudzo za kwathu za nthawi imene ija. Wawajambula mawu kasanu ndi kamodzi. Ndi iyeyo amene wakonza kuti seweroli lichitikenso."

"Ndiye dzina lake lilowa m'buku?"

"Lalowa kale. Akuti chaputala chathunthu. Asisi, bwanji mukufinya tomato?"

Chithunzi cha pa foni ndikanatha kuchikhululukira. Chimenecho pakatha mwezi chimakwiririka ndi mauthenga a maliro ndi maukwati. Koma buku ayi. Mwana wanga Rejoice wakulira kuno, ndikamuyankhula Chichewa amandiyankha Chingerezi cha m'mphuno. Ana ake sadzamva n'komwe. Tsiku lina adzatsegula buku limenelo, n'kupeza ntchito yonse ya agogo awo ili pansi pa dzina la wong'amba matikiti. Ndinapukuta manja, ndinafunsa Lettie kuti amayeserera kuti ndiponso liti.

Ndinali ndisanavule zakuda. Zimenezo zinkadikira Ogasiti, ndipo mayi wamasiye sayendayenda m'malo a masewera. Ndinapitabe. Linali Loweruka masana, mvula ya m'nyengo yozizira ikuwaza cham'mbali. Ndinalowa m'holo muja n'kukhala pa mpando wa kumbuyo.

Ndinene chilungamo. Paterson mawu ankawadziwa. Onse. Ngakhale kachifuwa kamene a Overtone ankatsokomola asananame, Paterson anali nako. Munthu waima kumbuyo kwa holo zaka zisanu, sewero lonse linamulowa m'mutu. Ndikanati ndabwera kudzamukola ndi mawu, ndikanabwerera ndi manyazi.

Kenako inafika mbali imene mkazi wa Sikelo, dzina lake Nasibeko, amatulukira kuti mwamuna wake wabera pa sikelo mayi ake omubereka. Mtsikana wina, Debbie, ndi amene ankasewera Nasibeko. Anakweza dzanja, n'kulidutsitsa patali ndi nkhope ya Paterson, moti pakati pakanadutsa njinga. Kuseri kwa katani wina anawombanitsa matabwa awiri. Paterson anatembenuza mutu phokoso litatha kale.

Ndinaseka. Si kuseka kwabwino ayi.

Mtsikana wa magalasi, atanyamula laputopu, anabwera pomwe ndinali. "Pepani amayi, tikuyeserera. Ndine Tisungeni. Pali chavuta?"

"Chimene chija n'chiyani?"

"Mbama ya pa siteji. Ndi mmene amachitira, kuti wina asapweteke."

"Ku Mpanipani?"

"A Likoswe anandiuza kuti..."

"Ku Mpanipani matabwa tinkakhalira. Mbama inali mbama."

Ndinamufotokozera, mokweza kuti onse amve. Maholo athu sanali ngati a kuno. Anthu ankadzaza mpaka m'mphepete mwa siteji, ana atatsamira zigongono pomwe ukuponda. Tsiku loyamba tinayesa mbama yabodza, anatigenda ndi zitsononkho za chimanga chowotcha. Kuyambira tsiku lachiwiri tinkamenya zenizeni. Mbama zitatu sewero lililonse, Loweruka masewero awiri.

"Inu mukudziwa bwanji, amayi?"

Ndinamuonetsa chikhatho. "Dzanja lake ndi ili. Nasibeko ndine."

Tisungeni anatembenukira ku siteji. Paterson ndi wochenjera, sanachedwe. Anatsika akumwetulira, pilo ili m'mimba, manja atatambasula.

"Ndi zoona, mwanawe. Awa ndi alamu anga, amake Rejoice. Mkazi wanga wa pa siteji ndi amenewa. Ndinkafuna kukuuza, koma ali pa chisoni, sindinafune kuwavutitsa."

Pamenepo ndikanatha kukalipa mpaka denga kung'ambika, ndipo pakamwa ndili napo. Koma ndinawerengera. Uku mkulu wa mpingo wa tayi, wojambulidwa mawu kasanu ndi kamodzi. Uku mayi wamasiye wolongedza tomato. Pepala palibe, vidiyo palibe. Mtsikanayo akanangolemba kuti ena amati chonchi, ena amati chonchi, dzina la Paterson likanakhalabe pamwamba. Zinkafunika kuti atchule yekha, ndi pakamwa pake, anthu akumva.

"Mbali yanga ndidzasewera ndekha," ndinatero.

Debbie anavula duku mwachangu ngati akulandira ufulu. Tisungeni anatsala pang'ono kuvina. Paterson yekha ndi amene kumwetulira kunamuuma.

"Alamu, simunavule zakuda. Anthu adzati chiyani?"

"Nasibeko amavala chitenje pamwamba. Za mkatizo ndi za ine ndi amuna anga."

"Ndiye tiyese mbama ija tione?" anafunsa Tisungeni.

"Mbama sitinkayeserera. Munthu sawononga tsaya m'holo yopanda anthu. A Likoswe akudziwa."

"Ndikudziwa," anatero Paterson.

Sankadziwa. Anthu amaganiza kuti luso la mbama lili ndi womenya. Ayi, lili ndi womenyedwa. A Overtone anaphunzira mwezi wathunthu, ine ndikuwakwapula ndi thaulo lonyowa. Dzanja likamabwera subwerera m'mbuyo, umalilowerera. Umamasula nsagwada, lilime kulibweza kutali ndi mano, maso osatseka, mutu n'kuulola kupita ndi dzanja. Ukatero mbama imalira kwambiri koma imapweteka pang'ono. Ukabwerera m'mbuyo ndi kulumitsa mano, imakupeza yonse. Tsiku lina ku Zomba mwana anathamanga kudutsa pa siteji, a Overtone anacheuka, chikhatho changa chinatera pa khutu. Khutu lakumanzere limenelo silinamvenso mpaka imfa. Anthu a kuno ankati ndi phokoso la ku migodi.

Ndipo mbama ikalira, Sikelo sankagwira tsaya. Ankatambasula dzanja ngati akuyeza kulemera kwa chinthu, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti, "Sinakwane kilo." Holo yonse inkanena naye limodzi. Kenako ankapereka tsaya lomwelo, yekha, kudikira ina. Zimenezo wa pakhomo anaziona. Koma phazi ndi nsagwada sizioneka ukaima kumbuyo kwa holo.

Patatsala sabata imodzi Paterson anandipeza pa siteshoni ya sitima ku Armadale, ndikuchokera ku ntchito. Ananyamula jumbo ya malalanje.

"Alamu, ndakutengerani timalalanje."

"Ndimagwira ku msika, a Likoswe. Malalanje ndimawaponda."

Anakhala pa benchi, n'kuika jumbo pakati pa miyendo. "Overtone sankazifuna zimenezi. Anazitaya yekha. Zaka zonsezi sanatchulepo ngakhale kamodzi. Ine ndangotola."

"Anaika pansi. Sanakupatseni."

"Mukudziwa chomwe ndimachita chichotsedwereni ku migodi? Ndimakolopa maofesi. Ndimalowa anthu ataweruka, ndimayankhula ndi mabini. Palibe amandifunsa kalikonse. Ndiye mtsikana uja anabwera ndi kamakina kake, anakhala maola atatu akundimvetsera. Ndinayamba bwinobwino, ndinkati tinkachita. Sindikudziwa kuti ndi pati pomwe ndinayamba kunena kuti ndinkachita."

Zinandikhudza pang'ono, sindikana. Koma pang'ono.

"Kamuuzeni zoona mtsikanayo. Mukatero matabwa aja abwerera, ndidzakusisitani ngati khanda, mudzasewera Sikelo wanu anthu akuombereni m'manja. Ine ndikufuna dzina lokha."

"Zafika patali. Chithunzi chili pa foni ya aliyense. Abusa alengeza kawiri."

"Ndiye mbama ndi zitatu."

Anaimirira n'kukonza tayi. "Alamu, musandiopseze. Mbama zimenezo ndaziona mwina chikwi."

"Munaziona," ndinatero, n'kupita kukakwera basi yanga.

Chikondwerero chinachitika Loweruka pa 8 Julaye, masana. Anthu anadzaza, mpaka ena kuimirira m'mbali. Panali mabanja a ku Canning Vale, ana a sukulu a ku yunivesite ya Murdoch, anzathu a ku Zambia amene saphonya pomwe pali mpunga ndi nkhuku. Ana ankathamangitsana pakati pa mipando akukuwa Chingerezi. Rejoice anakhala ndi Lettie kutsogolo, atakwinya nkhope, chifukwa ndinangomuuza kuti abwere, osamuuza chifukwa chake. Tisungeni anaimika kamera yake ya miyendo itatu, n'kupachika timaikolofoni ting'onoting'ono pa kolala ya Paterson ndi pa bulauzi yanga.

Sewero linayamba bwino. Paterson analowa ndi mimba yake ya pilo, ufa m'mutu, sikelo m'manja, ndipo azibambo a imvi anakuwa ngati ana. Anachirikiza thumba ndi bondo, anthu anaseka. Anatsokomola asananame, anthu anaseka. Ine ndinali kuseri kwa katani, ndikumanga chitenje pamwamba pa zakuda, ndikumva nthabwala za amuna anga zikutuluka pakamwa pa munthu wina. Ndinavula mphete n'kuiika m'thumba, monga ndinkachitira kale, kuti isacheke munthu.

Ndinalowa. Zaka khumi ndi zisanu ndisanaponde siteji, koma miyendo inakumbukira yokha.

"Bambo, amayi anga anabwera pano dzulo?"

"Amayi ako ati? Pano pamabwera amayi ambiri."

"Amene anakuphikirani nkhuku pa chinkhoswe. Anabwera ndi matumba atatu, abwerera ndi ndalama ya thumba limodzi."

"Sikelo silidziwa apongozi, mkazi wanga. Sikelo ndi sayansi."

Pamenepo ndi pomwe imagwera yoyamba. Ndinakweza dzanja. Paterson anachita chomwe wa pakhomo aliyense amachita akaona dzanja: anabwerera m'mbuyo, analumitsa mano, anatsinzina. Ndinkadziwa kuti atero, choncho ndinaponda sitepe yaitali. Dzanja limeneli lanyamula mabokosi a tomato zaka zisanu ndi zinayi. Linatera lonse pa tsaya. Ufa wa m'mutu unabuka ngati fumbi la galimoto, mwini wake anazungulira theka n'kukhala pansi pa thumba.

Holo inaphulika. Ena anaimirira. Kenako aja amene anaonera kale, a ku Dedza, a ku Zomba, a ku Lilongwe, anayamba limodzi osauzana: "Sinakwane kilo!"

Paterson anagwira tsaya ndi manja awiri.

Anabwerezanso, uku akumenya mipando. Ankadikira kuti adzuke, ayeze mbama ija m'dzanja, apereke tsaya. Lettie anaika manja kukamwa. "Perekani tsaya, a Sikelo. Mwakalamba kodi?"

Ine ndinaima pomwepo, dzanja lili m'mwamba pang'ono. "Dzukani bambo, anthu akudikira."

Anadzuka, koma anakaima kuseri kwa sikelo. Diso lakumanzere linkatuluka misozi, misoziyo ikutsuka choko. Ndinazungulira sikelo, iye anazungulira kwina. Anthu anasekabe, koma kuseka kunayamba kuchepa. Bambo wina wachikulire kumbuyo ananena mokweza kuti, "Sikelo sankathawa."

Ndinayandikira n'kutsitsa mawu, ngakhale ndinkadziwa kuti kamaikolofoni kaja kakutola zonse. "Zatsala ziwiri, a Likoswe. Ndipo yachitatu mukuikumbukira, ndi ya kuseri kwa dzanja."

Anayang'ana dzanja langa. Anayang'ana anthu. Kenako analowetsa dzanja m'malaya, anasolola pilo, n'kuiika pa sikelo.

"Ine sindine Sikelo," anatero. "Ine ndinali wa pakhomo."

Kuseka kunatha. Ngakhale ana anasiya kuthamanga.

"Sikelo anali ndani?" ndinamufunsa.

"Overtone."

"Dzina lonse. Mtsikanayo akujambula."

"A Overtone Chimbalanga."

"Khansala Mthunzi?"

"Iwo omwewo."

"Sajeni Mpondamatiki? Bambo wa zotsatira za magazi?"

"Onse, alamu. Onse anali iwo. Ine ndinkangoonera."

Kenako mawu a mwamuna wina pakati pa holo: "Overtone wa fokolifiti? Uja sankayankhula uja?" Mayi wina anati, "Anandinyamulira anyezi zaka ziwiri." Manong'onong'o anafalikira m'mizere yonse. Chakumbuyo achinyamata ena anayamba kukuwiza Paterson, wina anaponya kapu ya pepala.

Ndinatembenukira kwa iwo. "Inu khalani chete. Munabadwa liti? Munthu uyu anaima pakhomo zaka zisanu. Ku Lunzu anamuchotsa dzino anthu ofuna kulowa ulere, iye osachoka pa chitseko. Popanda iye sitikanadya. Wanama, wavomera, zatha. Zimenezo nazonso zilembedwe."

Ndinatenga pilo ija pa sikelo n'kumuponyera. "Bwezerani mimba. Anthu sanaone mapeto."

"Alamu, ziwiri zija..."

"Debbie ali kuseri ndi matabwa."

Tinamaliza sewero. Silinakome ngati kale, koma tinamaliza, ndipo pa mapeto pomwe Sikelo amamuyeza yekha pa sikelo lake, anthu anaseka zenizeni. Paterson anawerama kamodzi n'kutuluka khomo la kuseri. Mpunga sanadye.

Rejoice anandipeza ndikupukuta makala kumaso. Anayamba kukalipa m'Chingerezi chake, kuti bwanji palibe anamuuza, kuti wakhala ndi munthu zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akuganiza kuti bambo ake sadziwa nthabwala. Ndinamuuza kuti iyenso analipo, ankagona m'katoni kuseri kwa siteji, ndipo ku Mulanje analira mpaka bambo ake anamunyamula n'kumalizira naye sewero ali m'manja. Anasiya kukalipa. Anafunsa kuti bambo akewo ankanena chiyani pamenepo, n'kuyesa kutchula mawuwo m'Chichewa, ndipo anawapotoza onse.

Tisungeni anabwera kunyumba kwanga Lachitatu, nditaweruka. Sanali wosangalala. Anakhala pa sofa n'kutsegula laputopu ngati akutsegula bala.

"Amayi, ntchito ya miyezi isanu ija yagwa. Mukanandiuza tsiku loyamba lija."

"Ukanandikhulupirira?"

Anaganiza kaye. "Ndikanakufunsani umboni."

"Ndiye ndakupatsa. Anthu mazana awiri ndi kamera yako."

"Koma munthu wamkulu ngati uja, pa gulu..."

"Ndinamupatsa mwayi pa siteshoni, anasankha yekha. Iwe funsa zomwe wabwerera."

Anayatsa kamakina kake. Ndinayamba ndi 1997, kuseri kwa shopu yowotcherera zitsulo. Ndinamuuza za Khansala, kuti suti yake tinabwereka kwa mphunzitsi wina wamfupi, ndiye mikono inkathera m'zigongono, n'kupezeka kuti anthu akuseka suti tisanayankhule. Ndinamuuza za Sajeni, kuti nkhuku zinali zenizeni ndipo imodzi inaikira dzira pa siteji ku Balaka. Pa bambo wa zotsatira za magazi ndinaima kaye, chifukwa a Overtone mbali imeneyo ankaitengera kwa mkulu wawo weniweni, ndipo akamaliza sankadya. Tisungeni anadikira. Mwana uja ali ndi khalidwe, ngakhale amakhulupirira tayi.

Asanatseke ndinamuuza kuti anditembenuzire laputopu. Pamwamba pa chaputala, pomwe panali Likoswe, tsopano panali dzina lina. Ndinaliwerenga ndi chala, chilembo chimodzichimodzi. Analemba Chimbalanga wopanda h.

"Konza."

Anakonza.

"Tsopano tsika mzere umodzi. Nasibeko."

"Ndilembe kuti Mayi Chimbalanga?"

"Lemba Vailet. Vailet Chimbalanga. Tsaya lokha silikanadzaza holo."